Kusonkhanitsa maluwa a crinum a haibulidi mu Harare: kupeza anyezi, kudzala, kuchulukitsa ndi kukwatitsa

Mvula ikangoyamba mu Novembala, m'mphepete mwa mipanda ya ku Avondale, Highlands ndi Hatfield mumaoneka zitsamba za masamba aatali ogwera m'mbali, pambali pake patatuluka phesi lonenepa losenza maluwa oyera kapena apinki, onunkhira kwambiri dzuwa likamalowa. Ameneyo ndiye crinum, wa banja limodzi ndi amaryllis ndi clivia. Pansi pa nthaka pali anyezi wamkulu, wina wolemera makilogalamu angapo, ndipo chuma chonse cha wosonkhanitsa maluwawa chili mwa anyezi ameneyu.

Ambiri a ife a ku Mabvuku, Tafara, Mbare, Mufakose ndi Dzivarasekwa tinaleredwa ndi makolo amene ankagwira ntchito ya m'gadeni m'mayadi a kumpoto kwa mzinda uno, choncho duwali si lachilendo kwa ife. Kudzala crinum mmodzi n'kosavuta: amapirira ludzu, amapirira dongo, ngakhale mumuiwale chaka chathunthu safa. Kusonkhanitsa mahaibulidi, kutanthauza maluwa obadwa pokwatitsa mitundu iwiri yosiyana, ndiye nkhani ina, chifukwa chilichonse chimene mwachita lero zotsatira zake zimadzaoneka patapita zaka. Mukalakwitsa malo, mudzakumba anyezi atazika kale mizu ndipo adzakunyanyalani. Mukataya dzina, palibe amene adzakubwezereni.

Yambani ndi kudziwa makolo ake

Haibulidi amatengera khalidwe kwa makolo ake. Mukadziwa makolo anayi awa, mudzatha kuganizira malo oyenera haibulidi aliyense amene angafike m'manja mwanu.

Crinum macowanii ndi wathu wa konkuno. Amamera yekha m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje ku Zimbabwe, ku Malawi, ku Zambia mpaka kum'mawa kwa Africa. Mumamuzindikira ndi masamba opindikapindika m'mphepete ndiponso timitu ta mungu takuda bii. M'nyengo yozizira amagona, masamba onse n'kuuma, ndipo amadzuka kukatentha. Crinum bulbispermum ndi wa ku South Africa, duwa la chigawo cha Free State. Masamba ake ndi otuwirako, amakonda dongo lonyowa, saopa chisanu, ndipo amabereka njere mosaumira. Crinum moorei anachokera m'nkhalango za KwaZulu-Natal ndi Eastern Cape, ndiye amafuna mthunzi. Dzuwa la Okutobala limamuwaula masamba. Crinum asiaticum ndi chimphona cha ku Asia, cha maluwa oyera a timasamba topyapyala. Sagona konse, amakhala ndi masamba chaka chonse, koma chisanu chimamupweteka.

Ntchito yokwatitsa maluwawa ndi yakale. William Herbert, m'busa wa mpingo wa Anglican ku England, ankaichita kale kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mahaibulidi a mizere yofiira pakati pa duwa loyera, otchedwa Crinum × herbertii, amatchulidwa ndi dzina lake. Amene mungamupeze mosavuta m'mayadi akale ndi Crinum × powellii, mwana wa bulbispermum ndi moorei, wapinki, komanso mbale wake woyera wotchedwa 'Album'. Kwa woyamba kumene ndimalangiza ameneyu, chifukwa kwa bulbispermum anatengako kulimba, kwa moorei kupirira mthunzi. 'Ellen Bosanquet', wa maluwa ofiira moderako, anapangidwa ndi Louis Bosanquet ku Florida, nam'patsa dzina la mkazi wake. Palinso × Amarcrinum, mwana wa Crinum moorei ndi Amaryllis belladonna, amene amachita maluwa mochedwa, anzake atatha kale.

Ngati mukufuna kuzolowera maonekedwe a mitundu yachilengedwe, pitani ku National Botanic Garden ku Alexandra Park nthawi ya dzinja. Komweko kuli National Herbarium, kumene kumasungidwa zitsanzo za zomera za dziko lino.

Kupeza anyezi

Njira yabwino koposa ndi yopempha ndi kusinthana. Crinum akakhala pamalo amodzi zaka zambiri amabereka ana mpaka kuthinana, ndipo mwini wake nthawi zambiri amakondwa kuti wina am'chepetsereko. Funsani amayi a kumpingo, funsani madala amene anakalambira m'gadeni. Koma pitani duwa lili pamaluwa, osati litagona. Lijambuleni pa foni, mangani kachingwe pa tsinde limene mwalikonda, ndipo pemphani mwaulemu: "Zikomo agogo, duwa ili landisangalatsa zedi. Likadzagona mu Ogasiti, mungadzandigawireko mwana mmodzi?" Akavomera musathamangire kunyamuka. Afunseni kumene analitenga, mwezi umene limachita maluwa, ndiponso ngati linali ndi dzina. Nthawi zina yankho limakhala lakuti, "Mwanawe, ili ndinalitenga pa yadi ina ku Greendale, eni ake akusamuka," basi. Lembani zomwezo, ndi mbiri yake.

Ku nazale gulaninso crinum ali ndi maluwa, chifukwa zikwangwani za m'machubu zimasokonezeka kawirikawiri. Ngati mukugula anyezi wozulidwa kale, munyamuleni m'manja. Akhale wolemera ndi wolimba. Finyani khosi pang'ono: likakhala lofewa, kapena likatulutsa madzi onunkha, musiyeni. Mutembenuzeni muone thako, pamene pamatuluka mizu. Likhale louma ndi lolimba, lili ndi mizu yoyera yonenepa. Kabowo kalikonse kokhala ndi zinyenyeswa zonyowa pakamwa pake ndi chizindikiro chakuti mkati muli mbozi.

Ogulitsa ena a m'mphepete mwa msewu amakhala ndi anyezi wodulidwa mizu ndi khasu, dongo lakuda likadali lomatirira. Ameneyo wakumbidwa kudambo, ndipo ine sindigula. Madambo a Harare akutha kale ndi nyumba ndi minda. Monavale Vlei ndi Cleveland Dam analowa pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, mu 2013 pofuna kuteteza zotsalazo. Ngati mukufuna macowanii, pemphani njere kwa mwini malo amene ali naye. Njere n'zambiri, ndipo mayi wake amatsala pomwepo.

Wachibale akamabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge, kapena kuchokera kumudzi kudzera pa Mwanza ndi Nyamapanda, mtima umafuna kumutuma anyezi m'chikwama. Zomera zamoyo zimafuna chilolezo cholowetsera m'dziko kuchokera ku ofesi ya boma ya Plant Quarantine Services, pamodzi ndi chikalata cha dziko lochokerako chotsimikiza kuti zilibe matenda. Popanda zimenezi akhoza kulandidwa pachipata. Dziwaninso kuti anyezi wochokera ku America kapena ku Ulaya amafika nyengo zake zitatembenuka, ndipo amatenga chaka kapena ziwiri kuti azolowere dzinja lathu.

Mlendo aliyense, kaya wachokera kuti, ayambe wakhala m'chidebe payekha, kutali ndi anzake, dzinja limodzi lathunthu. Mukuyang'ana mizere yotuwa kapena yachikasu yosakanikirana ndi kubiriwira kwa masamba atsopano. Amenewo ndi matenda a vairasi, alibe mankhwala, ndipo amafala ndi mipeni komanso tizilombo toyamwa madzi a m'masamba. Wotere muotcheni, ngakhale akhale wa dzina lotchuka.

Chenjezo limodzi musanafike naye kunyumba: crinum ali ndi poizoni, makamaka mwa anyeziyo. Musamuike kukhitchini kapena pafupi ndi dengu la ndiwo, ana ndi agalu asamuseweretse, ndipo sambani m'manja mukatha kumugwira, poti utomoni wake umayabwa ena.

Dzina lilembedwe tsiku lomwelo

Apa ndi pamene pamasiyana wosonkhanitsa ndi munthu wongokhala ndi maluwa ambiri. Ma crinum akakhala opanda maluwa amafanana kwambiri, ndipo pakatha zaka zitatu simudzakumbukira kuti wapakona uja ndi uti. Inki ya pa pulasitiki imafufutika ndi dzuwa la kuno isanathe miyezi ingapo. Dulani chitini cha zakumwa zoziziritsa kukhosi, tengani kachidutswa kake, kaikeni pa katoni, ndipo lembani mokanikiza ndi bolopeni yakutha kuti zilembo zidindike. Pangani tiwiri. Kamodzi kamangeni pa waya wozika pambali pa duwa, kenako kakwirireni m'dzenje momwemo, kumbali imodzi yomweyo pa duwa lililonse kuti muzidziwa pofukula. Kapamtunda kamatha kuzulidwa ndi ana kapena wotchetcha udzu, kapansi kamakhala. Mu kope jambulani mapu a bedi lonse.

Duwa limene simukulidziwa dzina musalipekere. Lipatseni nambala ndi malo amene lachokera, mwachitsanzo "H7, Hatfield, pinki wa khosi loyera". Crinum wofiira aliyense si 'Ellen Bosanquet'. Mukamutchula choncho mongoganizira n'kugawira anzanu atatu, bodzalo lidzayenda mzinda wonse.

Gwiritsaninso lamulo ili: dzina la haibulidi limayenda ndi mwana womera pa thako la mayi wake, osati ndi njere. Mwana wa pa thako ndi thupi lomwelo la mayi, maluwa ake adzakhala omwewo. Njere ndi mbewu yatsopano, ingafanane ndi mayi kapena ayi, ndipo ilibe ufulu wotenga dzina lake.

Malo ndi dzenje

Sankhani malo poganiza kuti duwali likhala pomwepo zaka khumi. Mahaibulidi ambiri amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposerapo kuti achite maluwa bwino. Amene ali ndi magazi a moorei, monga powellii ndi Amarcrinum, amakondwa ndi dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wa masana, choncho kum'mawa kwa nyumba n'kwabwino. Pewani pansi pa mitengo ya mizu yolusa ngati jacaranda ndi bulugamu, komanso pamwamba pa mapaipi a madzi.

Dothi la Harare si limodzi. Kumpoto, cha ku Mount Pleasant ndi Borrowdale, kuli katondo wofiira, wachonde koma wouma gwa m'chilimwe. Kumwera ndi kum'mawa, cha ku Waterfalls, Hatfield, Epworth ndi Chitungwiza, kuli mchenga wochokera ku miyala ya granite, wosasunga madzi ndiponso wosauka. Pafupi ndi madambo pali makande akuda amene amadikha madzi m'dzinja nang'ambika m'chilimwe. Pa katondo sakanizani kompositi ndi mchenga wa kumtsinje. Pa mchenga thirani manyowa ochuluka, wilibala yathunthu pa mayenje awiri sikuchulutsa. Pa makande dzalani bulbispermum ndi macowanii mmene alili, koma enawo muwakwezere bedi masentimita 20 kapena 30 kuti thako lisakhale m'madzi.

Nthawi yabwino yodzala ndi kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala, kuzizira kutatha, bola muli ndi madzi othirira. Ngati mpopi wa kwanu umangotulutsa mpweya ndipo mjigo uli kutali, dikirani mvula ya Novembala.

Kumbani dzenje la masentimita 60 m'lifupi ndi 60 kuya. Likuoneka lalikulu kwa anyezi mmodzi, koma mizu ya crinum ndi yonenepa, imapita pansi kwambiri, ndipo siifa chaka ndi chaka. Dothi lapamwamba liikeni padera, lisakanizeni ndi manyowa owola bwino ndi dzanja limodzi la ufa wa mafupa ngati mwaupeza. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimaotcha mizu, zisalowe m'dzenje. Bwezerani dothi losakanizalo mpaka theka, umbani kachulu pakati, khazikani anyezi pamwamba pake mizu itayalidwa mozungulira. Kwirirani mpaka mimba yonse ya anyezi ibisike, khosi lokha litatulukira kunja. Mukazamitsa kwambiri amachedwa kuchita maluwa. Mukamusiya pamtunda pang'ono si vuto lalikulu, poti mizu yake imamukokera pansi yokha mpaka pamene akufuna. Tsenderani ndi manja, thirani ndowa imodzi yathunthu, phimbirani ndi udzu wouma koma usakhudze khosi. Pakati pa duwa ndi linzake siyani mita imodzi. Asiaticum amafuna kuposa apo.

Chaka choyamba mwina sachita maluwa. Musamukumbe kuti muone chavuta n'chiyani. Akumanga mizu, ndipo mukamusuntha ayambiranso pachiyambi.

Kwa amene mukuchita lendi, mgolo wa malita 200 wodulidwa pakati umakwanira anyezi wamkulu mmodzi ndi ana ake kwa zaka zingapo, ndipo chidebe cha malita 20 chimakwanira wamng'ono. Boolani mabowo ambiri pansi, khazikani pa njerwa. Crinum sadandaula kuthinana m'chidebe, ndipo tsiku losamuka amakwera nawo lole osataya muzu ndi umodzi womwe.

Madzi, feteleza ndi chisanu

Mvula ya Harare, pafupifupi mamilimita 800 pachaka, imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo nthawi imeneyo crinum wokhazikika safuna kuthiriridwa. M'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala, ndowa imodzi pa sabata yothiridwa patsinde imaposa kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse. Madzi otsukulira zovala komaliza amathandiza, koma a sopo wambiri kapena a Jik ayi. Wogona, monga macowanii mu Juni, musiyeni wouma.

Mvula yoyamba ikagwa, mwazani dzanja limodzi la feteleza wa Compound D mozungulira duwa lalikulu, kutali ndi khosi, n'kupalira pang'ono. Bwerezani mu Januwale. Feteleza wa AN, uja timabereketsera chimanga, amachulutsa masamba ofewa koma maluwa ochepa. Ngati mwamugwiritsa ntchito, katsineni chabe. Phulusa la nkhuni pang'ono limathandiza, makamaka pa mchenga.

Mzindawu uli pamtunda wa pafupifupi mamita 1,500, ndiye mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa, makamaka m'malo otsika a m'mphepete mwa mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba. Masamba amafota n'kuoneka ophikidwa. Asiyeni choncho, akuteteza khosi. Mudzawadula mu Ogasiti. Asiaticum yekha ndiye mumufunditse thumba usiku wozizira kwambiri.

Mbozi ya mizere

Ngati pali chinthu chimene chingakutherani ma crinum m'dzinja limodzi, ndi mbozi yakuda ya mawanga achikasu ondandalika m'mizere, imene akatswiri amaitcha Brithys crini. Mayi wake ndi gulugufe woderako wouluka usiku, amene amaikira timazira totuwira mwachikasu, tambiri pamodzi, kunsi kwa tsamba. Timbozi tikaswa timalowa mkati mwa tsamba n'kumadya mnofu wake, khungu lokha n'kutsala, kotero kuti pa tsambapo pamaoneka chigamba chowonekera, ndipo mukachiyang'anitsa padzuwa mumaona timbozi tili m'kati. Tikakula timatsika ndi tsamba kapena phesi mpaka kukalowa mwa anyezi. Kachitidwe kake ndi ka kapuchi m'chimanga: mukamaona kunja kukufota, mkati mwatha kale.

Kuyambira kukatentha mu Seputembala mpaka mvula itatha mu Epulo, yenderani maluwa anu kawiri pa sabata, m'mawa. Tembenuzani masamba. Mazira aphwanyeni ndi chala. Tsamba la chigamba lidulireni m'munsi mwa pamene pafika timbozi, ndipo litentheni, musaliponye pa kompositi. Mbozi zazikulu zitoleni ndi manja muziponye m'chitini cha madzi a sopo. Mbalame zambiri sizizidya, poti zimatenga poizoni wa duwalo. Mukapeza bowo pakhosi, kankhani kawaya kofewa m'menemo mpaka muiphe, kenako thirani salufa wa ufa pabalapo.

Maluwa akachuluka, manja okha sakwanira. Mankhwala a Bacillus thuringiensis amapha timbozi tating'ono tisanalowe m'tsamba, ndipo savulaza njuchi. Cypermethrin ndi carbaryl amagwiranso ntchito. Tsatirani muyeso wolembedwa pa botolo, poperani madzulo kunsi kwa masamba, ndipo musapopere pa maluwa otseguka. Masamba a crinum ndi oterera, choncho dontho la sopo wa mbale m'madzi opoperawo limathandiza kuti mankhwala amatirire. Musaiwale clivia ndi amaryllis za pa yadi yomweyo, chifukwa mbozi ndi yomweyi.

Adani enawo ndi ochepa mphamvu. Nkhono zimadya masamba anthete ndi maluwa usiku wa mvula. Zitoleni ndi tochi. Anunkhadala amaunjikana pa masamba akadali aang'ono, ndipo m'mawa kukuzizira amagwidwa mosavuta. Mawanga ofiira amene amakula n'kupinditsa phesi ndi matenda a chuku okonda chinyontho. Chotsani masamba ogwidwawo, lekani kuthirira pamwamba pa masamba, poperani copper oxychloride. Koma dziwani kuti bala lililonse pa crinum limafiira, ngakhale la khasu kapena la matalala, ndiye kufiira kokha si matenda.

Kugawa ana

Chitani izi mu Ogasiti, ndipo musazichite chaka chilichonse. Kamodzi pa zaka 4 kapena 5 n'kokwanira. Ngati mukufuna mwana mmodzi kapena awiri, musazule tsinde lonse. Thirani madzi dzulo lake, kumbani mbali imodzi yokha mpaka muone pamene mwana walumikizana ndi mayi, lowetsani mpeni wakuthwa pakati pawo, ndipo muonetsetse kuti mwanayo wachoka ndi kachidutswa ka thako ndi mizu yake. Wopanda thako sadzamera. Bwezerani dothi, ndipo mayi adzachita maluwa ngati palibe chachitika.

Tsinde lonse likathinana mpaka maluwa kuchepa, kumbani ngalande mozungulira, masentimita 40 kuchokera pa masamba, yakuya kufika m'munsi mwa anyezi, kenako tukulani ndi foloko kapena mgwala. Ndi ntchito ya anthu awiri. Musakoke ndi khosi, limathothoka n'kusiya thako pansi. Tsukani dothi ndi madzi kuti muone polekanitsa, dulani masamba kusiya theka, pakani salufa kapena phulusa pa mabala, ndipo dzalani tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mizu ya crinum isaume. Ngati mwana akupita kwa mnzanu, mukulungeni m'nyuzipepala yonyowa, kachitini ka dzina kali momwemo. Mpeni uviikeni m'madzi a Jik, gawo limodzi pa magawo 9 a madzi, musanapite pa duwa lina.

Mahaibulidi ena amaumira ana. Otere amakakamizidwa pocheka thako, koma chitani izi pokhapokha muli ndi anyezi wina wa mtundu womwewo, chifukwa wochekedwayo sadzachitanso maluwa. Mu Okutobala zulani anyezi wamkulu wathanzi, dulani masamba ndi mizu, mutsukeni, mugoneke chafufumimba thako lili m'mwamba. Chekani thako modutsa pakati, kawiri mopingasa kuti pakhale magawo 4, kapena kanayi kuti akhale 8, mpeni ulowe mpaka theka la anyezi kuti mtima wake ufe koma magawowo asalekane. Thirani salufa m'ming'alumo, musiyeni pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri, kenako mudzaleni mu mchenga woyera wa kumtsinje, wonyowa pang'ono chabe. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu tiana timayamba kutuluka m'mphepete mwa mabalawo. Tisiyeni pomwepo mpaka chaka chamawa.

Kukwatitsa nokha

Maluwa a crinum amatseguka madzulo, ndipo amene amanyamula mungu ndi agulugufe a usiku a milomo yaitali. Kuti mwana akhale wa bambo amene mwasankha inu, muyenera kuwafulumirira.

Yambani ndi kusankha mayi. Mahaibulidi ambiri sabereka njere, kapena amabereka mwa apo ndi apo; powellii mukhoza kumupaka mungu dzinja lonse osapeza kanthu. Ndiye mayi akhale bulbispermum kapena macowanii, amene amagwira msanga, ndipo haibulidi akhale bambo. 'Ellen Bosanquet' nayenso savomera kubereka njere kawirikawiri, koma mungu wake umagwira ntchito. 'Super Ellen' ndi haibulidi wina amene anachokera kwa iyeyu ndi bulbispermum.

Masana, cha m'ma 3 koloko, yang'anani pa phesi la mayi duwa limene latupa ndi kuonetsa mtundu, loti litseguka madzulo omwewo. Litseguleni ndi zala mosamala. Mkati muli timitu 6 ta mungu, ndi kamtengo kamodzi katali kapakati, kamene nsonga yake ndiyo imalandira mungu. Thotholani timitu tonse 6 tisanang'ambike. Vekani nsonga ija kachidutswa ka pepala la foyilo kapena kapaipi komwera zakumwa kopindidwa kumapeto. Mawa lake m'mawa vulani, ndipo ngati nsongayo ikunyezimira ndi kumata, yakonzeka. Tengani kamutu ka mungu ka bambo, kamene kang'ambika kale ndi kuoneka fumbi, kakhudzitseni pa nsonga mpaka fumbilo lioneke, n'kuvekanso. Bwerezani tsiku lotsatira. Pa kakhosi ka duwalo mangani kachitini kolembedwa dzina la mayi poyamba, kenako la bambo, ndi tsiku.

Kawirikawiri mayi ndi bambo sachita maluwa sabata imodzi. Sungani mungu: ikani timitu pa pepala pamthunzi tsiku limodzi kuti tiume, tikulungeni mu envelopu, ndipo envelopuyo ilowe m'botolo lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. M'firiji umakhala masabata angapo, mufiriza miyezi. Kuuma ndiko kofunika kwambiri, ndiye ngakhale magetsi azizimazima, botolo musamalitsegule pafupipafupi.

Zikagwira, kumbuyo kwa duwa kumatupa, ndipo pakatha mwezi umodzi kapena kuposerapo pang'ono chipatso chimakhwima, phesi n'kugwa pansi ndi kulemera. Limangirireni ku kamtengo, ndipo chipatsocho chivekeni kathumba ka neti, monga ka malalanje, kuti njere zisamwazike n'kusokonezeka ndi za anzake. Khungu likayamba kung'ambika, tolani.

Njere za crinum ndi zonenepa, zamnofu, zosaumbika bwino, ndipo sizisungika. Zimamera zokha ngakhale pa tebulo popanda dontho la madzi, ndipo mukaziumitsa zimafa. Zifeseni sabata yomweyo. Dzazani machubu aatali ndi mchenga wosakaniza ndi kompositi, theka ndi theka, ikani njere imodzi pa chubu, n'kuikanikiza kuti theka lokha lilowe. Musaikwirire. Imatulutsa kamphukira koyera kamene kamapinda n'kuloza pansi, kumapeto kwake n'kupanga kaanyezi, ndipo tsamba limabwera pambuyo. Njere yoyambayo imafota pang'onopang'ono pamene chakudya chake chikusamukira mwa kaanyeziko, musaichotse isanaume. Machubu akhale pamthunzi wa mtengo, onyowa koma osadikha madzi, ndipo chaka choyamba muwateteze ku chisanu ndi ku mbozi, chifukwa kaanyezi kotere mbozi imodzi imakamaliza.

Chaka chachiwiri asamutsireni pa bedi la manyowa, motalikirana masentimita 30, aliyense ndi nambala yake pansi pa dzina la makolo. Maluwa oyamba amabwera pakatha zaka 3 mpaka 5, ena kuposa apo. Ena adzatuluka ofanana ndi mayi ndendende. Kawirikawiri ndiye kuti mungu wa mayi yemwe unafika pa nsonga inu musanafike, ndipo otere musawawerenge ngati haibulidi. Otsalawo musawaweruze ndi maluwa a chaka choyamba, amene amakhala ochepa ndi aang'ono. Dikirani achiwiri, ndipo mu kope lembani kuchuluka kwa maluwa pa phesi, ngati phesi likuima lokha mvula itagwa, masiku amene duwa limakhala lisanafote, fungo, ndi ngati akubereka ana. Pa ana makumi awiri, woyenera kusungidwa angakhale mmodzi kapena awiri. Amenewo apatseni dzenje la masentimita 60 ndi tizitini tawo tiwiri. Enawo gawirani anansi, mutawauza kuti ndi a njere ndipo alibe dzina.